Sammy Lee, kochi amene anaphunzila kudaiva pa mcenga

Pa 19 September 1988, timu yathu ya mpila inakwapula Italy 4-0 mu mzinda wa Kwangju ku South Korea, ndipo Kalusha Bwalya anamwetsa zigoli zitatu. Ambili a ife tinali tisanabadwe, ena tinali kumbuyo kwa amayi, koma nkhaniyi timaidziwa monga tinaliko cifukwa amalume athu saleka kuisimba. Cimene amalume sasimba n'cakuti tsiku lomwelo, pa masewela a Olympics amodzimodziwo, ku Seoul kunacitika cinthu cina cimene maiko ambili anaonelela pa TV. Mnyamata wa ku America, Greg Louganis, anadumpha pa thabwa la mamita 3 kucokela pa madzi, anazungulila m'mwamba, ndipo pobwela pansi anamenyetsa mutu ku thabwalo. Madokotala anamusoka pa cilonda, iye anabwelelanso pa thabwa, ndipo m'mawa mwake anawina mendulo ya golide.

Masewela amenewa ndi kudaiva, kudumphila m'madzi mwaluso. Pali thabwa lofewa limene limakuponya m'mwamba, ndiye pali nsanja yolimba ya mamita 10, kutalika ngati nyumba ya nsanjika zitatu. Ukadumpha pa nsanjayo umafika pa madzi pasanathe masekondi awili, pa liwilo la makilomita pafupifupi 50 pa ola. M'kanthawi kameneko ufunika uzungulile mwina katatu ndi theka, uwongoke, ulowe m'madzi uli njo ngati mkondo, madzi osathovoka. Oweluza amapatsa mamakisi mpaka 10. Ukaphonya pang'ono n'kugwa ndi mimba kapena msana, madzi amakuwawa ngati wagwela pa simenti.

Koma lelo sitikamba za Louganis kwenikweni. Tikamba za munthu amene anamutenga akali mwana wa sukulu, n'kumusunga m'nyumba mwake, n'kumufikitsa ku Olympics yake yoyamba. Dzina lake Sammy Lee. Ku America kuli makochi ambili a kudaiva amene amakhala pa sekondale imodzi zaka 20 kapena 30, maina awo osadziwika kunja kwa tauni yawo. A Lee sanali mphunzitsi wa pa sukulu, anali dokotala, koma nchito anali kugwila inali yomweyo ya kutola ana a zaka za ku sekondale n'kukhala nawo mpaka atakhwima. Ndipo mbili yawo, ngakhale inacitikila kutali, ili ndi fungo la kuno kwathu.

Sammy anabadwa pa 1 August 1920 ku Fresno, mu California. Makolo ake anacokela ku Korea. Banja litasamukila ku Los Angeles, mzindawo unalandila masewela a Olympics mu 1932, Sammy ali ndi zaka 12. Anaona mbendela za maiko zili mbwee m'misewu, ndipo kuyambila pamenepo anafuna kudzakhala katswili wa Olympics. Atate ake anali ndi maganizo ena. Monga makolo ambili amene anavutika kuti apeze pogona m'dziko la eni, iwo anafuna mwana wawo akhale dokotala. Mkangano umenewu timaudziwa bwino, uli m'nyumba iliyonse ya ku Chelstone mmene muli mwana wokonda mpila ndi mayeso a Giledi 12 patsogolo. Sammy analonjeza kucita zonse ziwili.

Vuto linali madzi. Swimming pool imene inali pafupi, Brookside Plunge ku Pasadena, inali ya boma la mzinda, yomangidwa ndi ndalama za onse, koma anthu akuda, a ku Asia ndi a ku Mexico anali kuloledwa kulowamo tsiku limodzi cabe pa sabata. Tsikulo analipatsa dzina lokoma, International Day. Analiika dala kutatsala tsiku limodzi kuti madzi atayidwe n'kuthilamo ena, kuti azungu asakhudze madzi amene mwasamba munthu wa khungu lina. Bungwe la anthu akuda la NAACP linatengela nkhaniyi ku khoti mu 1939, ndipo swimming pool imeneyo inatsegulidwa kwa onse mu 1947.

Agogo athu sakanadabwa nazo. Zaka zomwezo kuno ku Lusaka, mzinda umene unakhala likulu mu 1935, munthu wakuda sanali kulowa m'mashopu ambili a mu Cairo Road. Anali kugulila pa kawindo ka kumbali, ndipo nyama ya ku bucha anali kumupatsa atakulunga kale, osaiona. Ndiye cifukwa cake a African National Congress, motsogoleledwa ndi a Harry Nkumbula, anauza anthu m'zaka za m'ma 1950 kuti aleke kugula m'mabucha. Tinyumba tozungulila timene tatsala ku Kabwata Cultural Village tinamangidwila anchito acikuda, pamene Kabulonga ndi Woodlands kunali kumayadi. Sukulu imene manje timati Kabulonga Boys inali Gilbert Rennie, ya Kabulonga Girls inali Jean Rennie, zonse za ana a azungu. Conco tikamva za mwana amene akuyembekeza tsiku lake limodzi lolowa m'madzi, sitifunikila wotimasulila.

Tsiku limodzi pa sabata silingapange katswili. Apa ndi pamene panabwela Jim Ryan, mzungu wamkulu thupi, wa pakamwa poipa, amene anaona Sammy akudumpha n'kuganiza zomuphunzitsa. Ryan sanadikile kuti lamulo lisinthe. Anakumba dzenje kuseli kwa nyumba yake, analidzaza mcenga, n'kuika thabwa pamwamba pake. Mmenemo ndi mmene Sammy anali kudumphila tsiku ndi tsiku.

Tiyeni tiimepo pang'ono pa dzenjeli, cifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu amene sadziwa masewelawa amaganiza kuti luso lili pa kulowa m'madzi. Kulowa m'madzi ndi mapeto cabe. Zonse zimapangika poyamba: mmene wayendela pa thabwa, mmene walipondela kuti likuponye, kumene waloza manja podzuka, mmene wapindila thupi kuti uzungulile msanga, ndi pamene watambasukila kuti kuzungulila kuime. Maso nawo ali ndi nchito. Wodaiva wabwino satsinzina, amaona madzi, denga, madzi, denga, n'kumawelenga. Zonsezi ungaphunzile popanda dontho la madzi. Mcenga uli ndi lamulo limodzi lokhwima: sungagwe ndi mutu. Kudumpha kulikonse uyenela kukumaliza ndi mapazi, ndipo ukacedwa kutambasuka palibe cokukhululukila. Mvula ikagwa mcenga umalimba. Mwana amene wakulila pamenepo amakhala ndi miyendo yamphamvu, ndiponso amadziwa nthawi zonse kumene kuli pansi. Pofika tsiku lake lolowa m'madzi, Sammy anali kungomalizitsa zimene thupi linadziwa kale.

Mu 1942 anawina mpikisano wa dziko lonse la America, pa thabwa ndi pa nsanja pomwe, woyamba wosakhala mzungu kucita zimenezo. Koma nkhondo yaciwili ya dziko lonse inali itadya Olympics ya 1940, ndipo inadyanso ya 1944. Zaka zimene thupi la wodaiva limakhala pacimake zinapita conco. Iye anapitiliza sukulu, ku Occidental College kenako ku University of Southern California, ndipo mu 1947 anakhala dokotala, ali msilikali. Lonjezo kwa atate linakwanilitsidwa. Mu 1948 ku London, patapita zaka 16 kucokela pamene anaona mbendela zija, kamunthu kameneka, kosafika ngakhale masentimita 160, kanawina golide pa nsanja ya mamita 10 ndi bulonzi pa thabwa. Mu 1952 ku Helsinki anawinanso golide pa tsiku lake lobadwa, atakwanitsa zaka 32. Anakhala mwamuna woyamba kuwina nsanja kawili motsatizana.

Ku London komweko kunali mnzake, Vicki Draves, amene anatenga magolide onse awili a akazi. Atate ake anali a ku Philippines, ndipo ali mtsikana ku San Francisco anamuuza kuti azilemba dzina la amayi ake acizungu, Taylor, kuti aloledwe kuphunzila pa kalabu. Pa ukwati wake, amene anamupeleka kwa mwamuna anali Sammy. Anthu okanidwa pa geti imodzi amadziwana.

Mwina mukuganiza kuti magolide awili anatsegula makomo onse. Iyayi. A Lee, pakuti tsopano anali bambo ndi dokotala, anakagwila nchito ya usilikali ku Korea, ndipo boma la America linali kuwatuma m'maiko a ku Asia kuti akaonetse kuti kwawo munthu aliyense angakwele. Mu 1955 atafuna kugula nyumba ku Garden Grove mu California, ogulitsa anawakana cifukwa ca khungu, poopa kuti azungu angaleke kugula nyumba zoyandikana nayo. Nkhaniyi inatuluka m'manyuzipepala, inacititsa manyazi boma, mpaka waciwili kwa pulezidenti, Richard Nixon, analowelelapo. A Lee anapeza nyumba m'dela lomwelo la Orange County ndipo anagwila nchito ya udokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi zaka zoposa 30.

Ukochi anali kucita akaweluka ku cipatala. Ndipo cinthu cimene anacita kuseli kwa nyumba yawo mungacilote: dzenje, mcenga, thabwa. Mnyamata wina, Bob Webster, anali kuphunzila pa koleji ya Santa Ana imene inalibe swimming pool. Anaphunzila pa mcenga wa a Lee. Mu 1960 ku Rome anawina golide pa nsanja, mu 1964 ku Tokyo anawinanso. Tokyo imeneyo ife timaikumbukila pa cifukwa cathu: anyamata athu analowa m'masewelawo monga Northern Rhodesia, ndipo pa tsiku lotseka, 24 October 1964, anayenda m'bwalo monga Zambia. Ndiye taonani mzele wake. Mwamuna woyamba kuwina nsanja kawili motsatizana anacokela m'dzenje la Ryan, waciwili anacokela m'dzenje la a Lee. Cimene cinayamba cifukwa ca tsankho cinasanduka njila yophunzitsila.

Louganis anabwela pambuyo pake. Anabadwa mu 1960, makolo omubala anali a magazi a ku Samoa ndi ku Sweden, ndipo analeledwa ndi banja lina. Ku sukulu anzake anali kumuseka cifukwa ca khungu lake loderako komanso cifukwa kuwelenga kunali kumuvuta. Asanayambe kudaiva anali kuvina ndi kucita masewela otembenuka. A Lee atamuona pa mpikisano wa ana anazindikila kuti mwanayu ali ndi kadumphidwe kosowa. Pokonzekela Olympics ya 1976 anamutenga kukakhala naye kunyumba, kudya pa tebulo imodzi ndi ana awo. Ku Montreal, ali ndi zaka 16, Louganis anawina siliva, kumbuyo kwa katswili wa ku Italy, Klaus Dibiasi. Pambuyo pake anapita kwa kochi wina, Ron O'Brien, amene anali naye pamene anawina magolide awili ku Los Angeles mu 1984, caka cimene Keith Mwila anatibweletsela mendulo yathu yoyamba ya nkhonya, ndi ena awili ku Seoul.

Ena angati ndiye ulemelelo unapita kwa O'Brien. Ife tiona mosiyana. Kochi wa ana nthawi zambili sakhala pa cithunzi ca tsiku la golide. Nchito yake ndi ya zaka zimene palibe kamela, pamene mwana akuopa kukwela masitepe a nsanja, pamene wagwa ndi msana ndipo safuna kubwelelanso. Wodaiva sadziona yekha m'mwamba. Amadalila munthu woima pambali, amene pophunzila kadumphidwe katsopano amakuwa pa nthawi yeniyeni yotambasuka. Mwana amatambasuka pa liwu limenelo asanaone madzi. Kuti ukhulupilile liwu la munthu mpaka pamenepo, afunika akhale munthu amene wakhala nawe nthawi yaitali, amene adziwa kumene ukhala ndi cimene wadya. Ubale wotelo sungapangike pa wekishopu ya masiku atatu ku lodge.

Manje tibwele kwathu. Lusaka ili ndi maswimming pool ambili, koma yendani muone kumene ali: kuseli kwa mipanda ya ku Kabulonga ndi Woodlands, m'mahotela, m'malodge, m'masukulu a pulaiveti. Palibe lamulo loletsa mwana wa ku Kabwata kulowa. Cimene cimamuletsa ndi ndalama ya pa geti, ndipo kwa ambili International Day yawo imabwela pa Khisimasi kapena pa New Year, pamene pool imadzaza mpaka kusowa ponyaya. Masiku ena onse, makamaka dzuwa la October likatentha kapena mvula ikadzaza maenje, ana amapita kumene kulibe geti. Ngwenya, ku Misisi, ndi dzenje limene linatsala anthu atakumba miyala. Maenje otelo ali m'makomboni ambili. Mmenemo simudziwika pozama ndi posazama, pansi pali miyala yakuthwa, mabotolo, zinyalala. Nsanja ya mamita 10 imafuna madzi ozama mamita 5, oyela kuti uone pansi. Mwana wa ku komboni amadumpha ndi mutu m'madzi akuda amene sanawapime. Nyengo ya mvula iliyonse timamva pa wailesi za mwana amene wamila, ndipo timadandaula masiku awili.

Koma amene anaimapo pambali n'kuyang'ana ana amenewa adziwa cinthu cina: luso lilipo. Pitani pamene pali mulu wa mcenga wa omanga nyumba madzulo. Mudzapeza anyamata akwilila thayala lakutha theka, akuthamanga, akuliponda, akuzungulila m'mwamba kawili n'kugwa ndi mapazi. Palibe anawaphunzitsa. Ndi dzenje la Jim Ryan lomwe lija, kungosowa Ryan. A Circus Zambia, gulu limene linayambitsidwa ndi acinyamata a ku Chibolya, anaona zimenezi kale, ndipo atenga ana otelo n'kuwaphunzitsa mpaka kukaonetsa luso lawo kunja kwa dziko. Iwo amacita za sakasi, si za madzi, koma thupi limene amaliumba ndi lomwelo.

Dziko la China, limene linatenga magolide onse 8 a kudaiva ku Paris mu 2024, limaphunzitsa ana ake nthawi yaitali pa mtunda, pa matrampolini, pa malamba omangilila m'ciuno ndi m'maenje a siponji. Quan Hongchan, amene anawina golide ku Tokyo ali ndi zaka 14, ndi mwana wa alimi a kumudzi kufupi ndi Zhanjiang. Kochi Chen Huaming anamupeza pa bwalo la sukulu ya pulaimale akudumpha ndi anzake, ali ndi zaka 7, asanadziwe ngakhale kunyaya. Panafunika cabe munthu amene nchito yake ndi kuyenda m'masukulu, ndi diso lodziwa cimene likufuna.

Ngakhale pafupi pompano zinacitikapo. Mu 1994 ku Rome, Evan Stewart wa ku Zimbabwe anakhala katswili wa dziko lonse pa thabwa la mita imodzi. Amayi ake, Anthea Stewart, amene anabadwila ku Blantyre, anali wosewela komanso kochi wa timu ya akazi ya hockey imene inawina golide ku Moscow mu 1980. Tisabise, limeneli linali banja la azungu, lokulila pafupi ndi madzi amene ana ambili a ku Harare sanali kuwafika. Koma zionetsa kuti masewelawa si a maiko ozizila okha.

Sitikunena kuti mcenga ungalowe m'malo mwa madzi. A Lee okha anafunikila tsiku lija limodzi, ndipo anakwela pamwamba atapeza makomo ena otseguka. Ndiponso kwa ife coyamba si mendulo, ndi kuti mwana adziwe kunyaya ndi kupima madzi asanadumphe. Malo ngati OYDC, amene anatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa Great North Road, asonyeza zimene zimacitika geti ikatsika mtengo. Koma tili ndi cizolowezi cimene cimatitopetsa: nkhani ya masewela ikayamba, aliyense amati tilibe zipangizo, ndipo nkhani imathela pompo. Za munthu sitikamba. M'masukulu athu ambili a boma, piliyodi ya PE ndi imene imadyedwa poyamba mayeso akayandikila. Mphunzitsi amene wayamba kalabu amacita ndi mtima wake, nthawi zina ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo akalandila kalata ya transifa kalabu imafa sabata yomweyo. Amene timawaitana kuti ba kochi ku komboni, amene asunga ana zaka 15 pa bwalo lafumbi, sitidziwa ngakhale maina awo onse. Muzala Samukonga atawina bulonzi ya mamita 400 ku Paris, ambili a ife tinamva dzina la Douglas Kalembo kwa nthawi yoyamba, ngati kuti kochiyo anagwa kumwamba usiku womwewo.

A Lee anapuma pa udokotala atakalamba, koma pafupi ndi madzi sanacoke. Anakhala ndi moyo mpaka kuona mphambano ina ya ku Koreatown mu Los Angeles ikupatsidwa dzina lawo mu 2010, ndi sukulu ya pulaimale ya mu mzinda womwewo mu 2013. Anamwalila pa 2 December 2016 ku Newport Beach, ali ndi zaka 96. Mukadzaonelela kudaiva pa TV, yang'anani kansalu kakang'ono kamene wodaiva aliyense amapukutila miyendo ndi manja asanadumphe, kuti asatelele pogwila maondo m'mwamba, kenako n'kukaponya pansi kucokela pa nsanja. A Lee ndi amene anakachukitsa n'kuyamba kukagulitsa, ndipo odaiva ambili mpaka lelo amakachula kuti Sammy.